Chitsime ndi chimbudzi zimamwera nthaka imodzi: phunziro lochokera ku Nabvutika

Mwezi wa Okutobala ukafika, chingwe cha ndowa chimayamba kuperewera m'zitsime za ku Nabvutika. Amayi amalumikiza china, kenaka chinanso, ndipo pofika kumayambiriro kwa Novembala ndowa imatuluka ndi matope ambiri kuposa madzi. Mu Febuluwale chitsime chomwecho chimadzaza mwakuti wamkulu angathe kutunga ndi dzanja atagwada, koma nyengo imeneyonso ndi imene matenda otsegula m'mimba amachuluka. Ambiri amaona kuphwa kwa chitsime ndi kudwala kwa ana ngati mavuto awiri osiyana. Phunziro lino lisonyeza kuti muzu wake ndi umodzi, ndipo mlimi amene waumvetsa adzadziwa pokumba, kukula kwa dimba limene angathirire, ndi madzi amene sayenera kupatsa khanda.

Tasankha Nabvutika chifukwa kumeneko nyumba, zitsime ndi zimbudzi zayandikana kotero kuti zonse zimaonekera pamalo amodzi. Koma nthaka yake ndi ya mtundu womwewo umene ambiri a inu mukulimapo ku Chadiza, ku Vubwi, ku Katete ndi ku Chipangali.

Pansi pa mapazi athu

Tiyambe ndi kuchotsa ganizo limene lafala, lakuti pansi pa nthaka pali mtsinje woyenda, ndipo wokumba wamwayi ndi amene wauboola. M'madera ena a dziko lapansi zoterozo zilipo ndithu, koma kuno ku Chipata kulibe. Mapiri amene azungulira mzinda wathu, monga la Kanjala, ndi nsonga chabe za thanthwe limodzi lalikulu limene layala pansi pa chigawo chonse cha mtunda cha Kum'mawa. Akatswiri a miyala amalitcha Basement Complex, ndipo miyala yake yambiri ndi ya mitundu ya granite ndi gneiss. Mwala wotere ukakhala wathunthu susunga madzi ngakhale dontho. Muunyike m'ndowa sabata yonse, mukauswa m'kati mwake mupeza mouma.

Madzi amakhala m'malo awiri okha. Oyamba ndi mwala wofumbwa. Aliyense amene anakumbapo chitsime akudziwa ndondomeko yake: pamwamba pali katondo wofiira, pansi pake dothi lotuwa lomata, kenaka mwala umene umaoneka ngati thanthwe koma piki imaugumula mosavuta, wokhala ndi tinyenyeswa tonyezimira ngati mamba a nsomba. Mukamatsika, mwalawo umasanduka wamiyalamiyala ngati mchenga waukulu, ndipo pamenepo, pafupi ndi pamene piki imayamba kulira ndi kuthetheka moto, ndi pamene madzi amalowa bwino. Malo achiwiri ndi ming'alu ya m'thanthwe lolimba, imene makina obowola mijigo okha ndiwo amaifika. Pachitunda mwala wofumbwa ungakhale wosakwana mita imodzi, pomwe pachidikha ungafike mamita 20 kapena 30. N'chifukwa chake anthu awiri oyandikana nyumba angakumbe tsiku limodzi, wina n'kupeza madzi, wina n'kutsekeredwa ndi thanthwe.

Kuti muone ndi maso, dzazani ndowa ya malita 20 ndi mchenga wouma wa kumtsinje, ndipo thiranimo madzi pang'onopang'ono mukuwerenga. Mchenga umene unaoneka wodzaza ndowa udzameza malita 6 kapena 7 madzi asanaonekere pamwamba. Madziwo akhala m'timipata ta pakati pa mchenga. Mukaboola dzenje ndi ndodo pakati pa ndowa, madzi adzasonkhana m'dzenjemo kufika pamlingo umodzi ndi madzi a mumchenga. Chimenecho ndicho chitsime. Sichipanga madzi, chimangotsegula zenera loonera mlingo wa madzi a m'nthaka. Dambo nalo ndi malo amene mlingowo wafika pamwamba. Mtsinje umene umayendabe mu Ogasiti, mvula italeka kalekale, ukuyenda ndi madzi a m'nthaka amene akuchucha kuchokera m'mbali mwake.

Pali chinthu china chokhudza Chipata chimene sitichiganizira kawirikawiri. Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino amatsata msana wa mtunda. Mvula yogwa kutsidya kwa Mwami, cha ku Mchinji, imatsikira mu Bua kupita ku nyanja ya Malawi. Yogwa mbali yathu imatsata Lunkhwakwa, Lutembwe ndi timitsinje tina kulowera ku Luangwa, ndipo pomaliza mu Zambezi. Ndiko kuti ife tikukhala kumutu kwa madzi. Palibe dziko lakumtunda lotitumizira mtsinje waukulu monga m'mene anthu a ku Chirundu amalandirira Zambezi. Madzi a m'chitsime cha ku Nabvutika ndi mvula imene inagwa pa mapiri ndi m'mabwalo a pafupi pomwepo, yambiri m'zaka zochepa zapitazi. Ngakhale madzi a m'mipope ya Eastern Water and Sanitation Company, ochokera m'madamu a Lutembwe, ndi mvula ya m'minda ya kufupi konkuno.

Masamu a lima imodzi

Apa tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ophunzira athu ambiri amataya ndalama akabwerera kwawo.

Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Chipata imalandira mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka chabwino, kuyambira Novembala kufika Epulo, ndiye kuti malita 10 miliyoni pa hekitala. Chiwerengerochi n'chosangalatsa, koma gawo lalikulu la madziwo limabwerera kumwamba kudzera m'dzuwa ndi m'masamba a zomera, lina limathamanga pamwamba kupita kukhwawa. Lotsikira pansi kukafika m'mwala wofumbwa ndi laling'ono. Pa nthaka ya mtundu wathu kawirikawiri limawerengedwa m'makumi a mamilimita, osati m'mazana ambiri. Tiyeni titenge mamilimita 50 monga chitsanzo chowerengera. Pamenepo hekitala imodzi yasungitsa malita 500,000 pa chaka.

Tsopano tione dimba. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala. Tomato kapena repu m'nyengo yotentha amafuna mamilimita osachepera 5 pa tsiku. Pa lima imodzi amenewo ndi malita 12,500 tsiku lililonse, kapena kuti zigubu 625 za malita 20. Mbewu ikakhala m'munda masiku 100, yamwa malita 1,250,000. Pa chitsanzo chathu chija, lima imodzi ya tomato yamaliza madzi amene mahekitala awiri ndi theka anasunga chaka chonse. Alimi khumi akachita chimodzimodzi m'dambo limodzi, musadabwe chitsime cha mudzi chikauma mu Seputembala, ndipo musafunefune mfiti.

Mjigo wopopa ndi manja umatulutsa malita pafupifupi 1,000 pa ola ngati wopopa sakupuma. Kuthirira lima imodzi ndi mjigo wotere kungafune maola oposa 12. Choncho pampu ya sola ndi yokopa, ndipo sitiitsutsa. Koma pampu siwonjezera madzi m'nthaka, imangofulumiza kuwachotsa. Mlimi ayambe wadziwa mphamvu ya chitsime chake asanagule pampu, ndipo kudziwako sikufuna makina. Chitsime chotambalala mita imodzi chimasunga malita 785 pa mita iliyonse ya kuya kwa madzi. Tungani mpaka madzi atsike kwambiri, ikani chizindikiro, dikirani ola limodzi, yezani pamene akwera. Akakwera masentimita 20, chitsimecho chikulandira malita 157 pa ola, omwe ndi pafupifupi malita 3,700 pa tsiku ngati mukutunga mosalekeza. Amenewo ndi okwanira gawo limodzi mwa magawo atatu a lima, mwinanso kucheperapo, banja lisanamwe ndi ziweto zisanamwe. Muyeso umenewu uchitike mu Okutobala. Wa mu Meyi ndi wonyenga.

Chilala cha 2023/24, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinatiphunzitsanso kuti nkhokwe ya pansiyi ndi yosaya. Chaka chimodzi cha mvula yochepa chimaonekera m'zitsime chaka chomwecho.

Njira imene chimbudzi chimafikira m'chitsime

Madzi a m'nthaka amayenda, koma pang'onopang'ono, kuchoka pamene mlingo wake uli pamwamba kupita pamene uli pansi. M'chaka cha 1856 katswiri wa ku France, Henry Darcy, amene ankayang'anira madzi a mzinda wa Dijon, anayesa kudutsitsa madzi m'mipope yodzaza mchenga. Anapeza kuti liwiro lake limadalira zinthu ziwiri: kutsetsereka kwa mlingo wa madzi, ndi kumasuka kwa dothi limene akudutsamo. M'makande madzi angathe chaka osayenda mita imodzi. Mumchenga waukulu angayende mamita angapo pa tsiku. Mumng'alu wa thanthwe amathamanga ngati mumpope, osasefedwa konse.

Dothi ndi sefa yabwino, makamaka gawo lake louma la pamwamba pa mlingo wa madzi, m'mene muli mpweya ndi tizilombo ta m'nthaka todya tinzake toyambitsa matenda. Tizilombo ta m'chimbudzi tikachedwa m'njira timafa. Akatswiri a British Geological Survey, m'malangizo awo a mu 2001, anati ulendo wochoka pachimbudzi kufika pachitsime ukakhala wosakwana masiku 25 ngozi ndi yaikulu, ukapitirira masiku 50 ngozi ndi yochepa kwambiri. Malamulo awiri amene azaumoyo amaphunzitsa amachokera pamenepa: chimbudzi chitalikire chitsime mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje lake pakhale mamita awiri a dothi louma madzi asanafikidwe. Mfundo yake si yatsopano kwa ife owerenga Malemba. Pa Deuteronomo 23 Aisraeli analamulidwa kukhala ndi malo akunja kwa msasa ndi chokumbira chofotserera, kalekale anthu asanadziwe za tizilombo.

Tsopano ganizirani Nabvutika mu Febuluwale. Mlingo wa madzi, umene mu Okutobala unali pansi kwambiri, wakwera. Dzenje la chimbudzi limene linakumbidwa pouma tsopano phazi lake lili m'madzi, ndipo sefa ya dothi louma ija yatha. Mapoloti ndi aang'ono, moti mamita 30 sakwanira m'bwalo la munthu mmodzi. Ukatalikitsa chimbudzi chako, wachiyandikitsa kuchitsime cha mnzako. Ena amadzitonthoza kuti chimbudzi chili kumunsi, chitsime kumtunda. Zimathandiza, koma osati nthawi zonse: kutunga kwambiri kumatsitsa mlingo wa madzi mozungulira chitsime ngati mbale, ndipo madzi a mbali zonse, ngakhale a kumunsi pang'ono, amayamba kutsetserekera komweko. Chitsime chimene chimatungidwa ndi mabanja ambiri chimakoka kuchokera kutali kuposa cha banja limodzi.

Palinso njira yachidule imene imaposa zonsezi: pakamwa pa chitsime. Chitsime chopanda khoma, chopanda chivundikiro, chopanda simenti yozungulira, chimalandira madzi othamanga pabwalo pamodzi ndi zitosi za nkhuku ndi zonse zimene mvula yakokolola. Chingwe chogona pansi ndi ndowa ya aliyense zimamaliza ntchitoyo. Mwa zonse zimene tatchula, iyi ndiyo yotsika mtengo kuikonza: khoma lofika m'chiuno, njerwa zomatidwa ndi simenti m'mamita oyamba a m'kati, simenti yotsetsereka kuzungulira kunja ndi ngalande yotaya madzi kutali, chivundikiro, ndi ndowa imodzi yokha yopachikidwa.

Zotsatira zake taziona. Mu 1854 dokotala John Snow analondola kolera wa mu London mpaka pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street, ndipo pambuyo pake kunapezeka kuti dzenje la zonyansa linkachuchira m'chitsime chake kuchokera pafupi pomwepo. Ku Lusaka, kumene mbali ina ya mzinda, monga Kanyama, yakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi mphako zimene madzi amathamangamo osasefedwa, kolera wa 2017 ndi 2018 anachititsa boma kukwirira zitsime zosaya. Wa 2023 ndi 2024 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Kuno kwathu kolera anabuka ku Vubwi mu Januwale 2023, pamene Malawi anali pakati pa mliri umene unapha anthu oposa 1,700. Nthaka yathu imasefa bwino kuposa ya ku Kanyama, zimenezo n'zoona. Koma sefa imafuna mtunda, ndipo m'komboni mtundawo mulibe.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa, ngakhale sakondweretsa eni zitsime: m'malo othithikana ngati Nabvutika, madzi a chitsime chosaya ndi a dimba, ochapira ndi oumbira njerwa. Akumwa achokere pampope kapena pakiyosiki, ndipo ngati palibe njira ina, awiritsidwe kapena athiridwe Clorin motsata muyeso wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30. Madzi a mbee si umboni. Muyezo wa World Health Organization ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi, ndipo diso silingaone zimenezo.

Pali mdani mmodzi amene moto ndi klorini sizimupha. Dzina lake ndi nitrate, mchere wosaoneka ndi wosamveka kukoma umene umachokera m'zimbudzi, m'makola ndi mu feteleza wothiridwa mopyola muyeso. Suphedwa chifukwa si wamoyo, ndipo sumatirira ku dothi, umangoyenda ndi madzi. Kuwiritsa kumauchulukitsa, popeza nthunzi imachoka mcherewo n'kutsala. Malire ake ndi mamiligalamu 50 pa lita. Akulu sauona msanga, koma khanda la miyezi yochepa lomwetsedwa mkaka wosungunulidwa ndi madzi otere magazi ake amalephera kunyamula mpweya bwino, milomo n'kuchita bii. Apa ife alimi tisaloze chala eni zimbudzi okha. Yuriya wothiridwa m'dimba la m'dambo, pamene madzi ali mita imodzi pansi, n'kuthiriridwa mosefukira, amakathera m'chitsime cha pamutu pa dimba pomwe antchito amamwa masana. Khola la nkhumba kapena la ng'ombe liwerengedwe ngati chimbudzi poyeza mamita 30 aja, ndipo botolo la mankhwala opopera lisatsukidwe pachitsime.

Mawu ochepa kwa ofuna kubowola mjigo

Mjigo wozama umatunga m'ming'alu, ndipo ming'alu sili paliponse. Akatswiri amaifufuza pokhoma zitsulo m'nthaka n'kudutsitsamo magetsi: mwala wouma umakaniza magetsi, mwala wofumbwa wonyowa umawalola. Muyesowu sulonjeza madzi, umangochepetsa mwayi wobowola pouma. Za kamtengo kamphanda kamene ena amayenda nako, tingoti m'chidikha pafupifupi paliponse pali madzi pang'ono, choncho kamtengoko sikalephera kawirikawiri. Funso lenileni ndi kuchuluka kwake mu Okutobala, ndipo pamenepo kamtengo kalibe yankho.

Kuyambira 2018, malamulo amene WARMA imayendetsa pansi pa lamulo la madzi la 2011 amafuna kuti wobowola akhale ndi laisensi ndi kuti mjigo ulembetsedwe. Musanalipire, gwirizanani polemba za amene adzasenza mtengo dzenje likakhala louma. Pemphani pepala losonyeza miyala imene anadutsa ndi kuya kumene anapeza madzi. Onetsetsani kuti apopa kwa maola angapo mukuona, osati kungouzira mpweya madzi n'kuthovoka kamodzi anthu n'kuwomba m'manja. Chofunika koposa, mamita oyamba a pamwamba, kuzungulira paipi, atsekedwe ndi simenti. Popanda zimenezo madzi akuda a pamwamba amatsetsereka m'mbali mwa paipi, ndipo mwalipira ndalama za mjigo wozama kuti muzimwa madzi a chitsime chosaya.

Madzi ofiira, onunkha chitsulo, odetsa nsima ndi zovala, nthawi zina amachokera m'mwala. Koma kawirikawiri m'dera la miyala ngati yathu madzi amakhala owawasa pang'ono, ndipo amadya mapaipi achitsulo a pampu za India Mark II. Chizindikiro chake n'chakuti zidebe zoyamba za m'mawa zimakhala zofiira, kenaka madzi amayera. Mankhwala ake ndi kusintha mapaipi, kuika apulasitiki kapena achitsulo chosachita dzimbiri. Dzimbiri palokha si loopsa kwenikweni. Kuopsa kwake n'kwakuti limabweza anthu kuchitsime chosatetezedwa chimene madzi ake amakoma.

Kubwezera m'nkhokwe

Popeza tili kumutu kwa madzi, dontho lililonse limene lathamanga pamwamba latisiya. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene waona mmene madzi amatsikira kuchokera m'mapiri ometedwa a Chipata kulowa m'misewu ya m'komboni akudziwa kuti ndi zoona. Madzi amenewo akanalowa pansi akanatuluka m'chitsime mu Seputembala. M'malo mwake anyamula dothi kukalitula m'mitsinje ndi m'madamu.

Zimene mumaphunzira pa ulimi wosamalira nthaka ndi phunziro la madzi apansi lomweli, kungoti lavala malaya ena. Maenje obzalamo okumbidwa mozama kupyola chikwakwa cholimba chimene khasu ndi pulawo zasiya, mapesi ophimbira m'malo mowatentha, mizere yotsata mlingo wa mtunda yokhala ndi vetiva, zonsezi zimachedwetsa madzi kuti apeze nthawi yolowa. Za mitengo tinene mosamala, chifukwa mawu akuti mitengo imabweretsa madzi amanenedwa mopepuka. Mtengo umamwanso. Bulugama wobzalidwa mothithikana pamutu pa dambo angaphwetse kasupe. Kafukufuku wa ku Burkina Faso wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti madzi amalowa pansi kwambiri pamene mitengo ili yotalikirana bwino, kuposa pamene palibe mtengo ndiponso kuposa m'nkhalango yothithikana. Msangu ndi woyenera m'munda pa chifukwa chimenechi: umayoyola masamba m'dzinja, ndipo mizu yake imatsegula njira zolowera madzi. Paphiri, chofunika ndi chakuti nthaka isakhale yamaliseche, ndipo udzu usatenthedwe chaka ndi chaka.

Ntchito ya mwezi uno, kwa ophunzira ndi kwa amene munamaliza kale, ndi iyi. Pezani chingwe chosatamuka, mangani kabotolo kumapeto kwake, ndipo ikani mfundo pa theka la mita lililonse. Sankhani chitsime chimodzi ndi malo amodzi pakhoma pake oyezerapo. Tsiku loyamba la sabata, m'mamawa anthu asanayambe kutunga, yezani kuchoka pakhoma kufika pamadzi, n'kulemba m'kabuku pamodzi ndi masiku amene kwagwa mvula. Yezaninso ndi mapazi mtunda wofika pachimbudzi, pakhola ndi padzala zapafupi, za kwanu ndi za anansi, ndipo funsani kuya kwa dzenje la chimbudzi chilichonse. Mudzaona kuti madzi sakwera ndi mvula yoyamba ya Novembala, chifukwa dothi louma limayamba lamwa lokha. Amayamba kukwera patapita masabata, ndipo amafika pachimake chakumapeto kwa dzinja. Sabata imene muyeso wanu udzasonyeze kuti madzi afika mamita awiri kuchokera pansi pa dzenje la chimbudzi chapafupi, lembani mzere wofiira m'kabukumo, ndipo dziwitsani onse otunga pachitsimecho. Mabukuwo tidzawaika pamodzi mu Meyi kuti tiyerekeze zitsime za pachitunda ndi za m'dambo.